Nyanga Zamkuwa pa Mfuti ya a Orval

Diso lakumanja la a Orval Knutsen linapita ndi waya waminga. Ankakunga mpanda wa ng'ombe kumtunda kwa famu yawo, wayayo n'kuduka, n'kubwerera ngati chikoti. Mkazi wawo Maxine anawathamangitsira kuchipatala ku Lewistown, madokotala anasoka chikope, koma diso linali litawonongeka kale.

Atabwerera kunyumba, bamboyo anasanduka wina. Pothira khofi ankathira pambali pa kapu. Akati agwire chitseko, dzanja linkagwira mphepo. Sankadandaula, ankangopukuta tebulo n'kukhala duu, ndipo kukhala cheteko n'kumene kunkamuopsa Maxine. Nyengo yosaka agwape inafika n'kudutsa mfuti yawo ili pakhoma. Inali mfuti yakale ija yokoka chitsulo chapansi kuti chipolopolo chilowe, yomwe inawadyetsa nyama kuyambira atangokwatirana. Akaiika paphewa lakumanja, diso lolozera panalibe. Phewa lakumanzere nalo linauma kalekale hatchi itawagwera, moti mfuti silikanaitha.

Mmawa wina mu Januwale, chipale chofewa chitafika m'mawondo, Maxine anapeza chitseko cha chipinda chosungira zakudya chitatsamira kukhoma, mahinjesi ake amkuwa palibe. Anatsata mapazi mpaka kushedi, nawapeza amuna ake atapana mkuwawo pa chopanira, akuudula ndi sowo.

"Bambo, mahinjesi anga mwapita nawo kuti?"

"Ndabwereka, mayi."

"Mwabwereka? Ndiye kudula mukudulaku, mudzabweza chiyani?"

A Orval anaika sowo pansi. Anatenga mfuti n'kumuonetsa tizitsulo tiwiri tolozera tomwe tinali pamwamba pa mpope, kamunga ka kutsogolo ndi kampata ka kumbuyo.

"Iti tikudikira diso lomwe kulibe," anatero. "Diso langa latsalali silingasamuke, koma iti tikhoza kusamuka. Ndikufuna nditiike kumanzere, tikumane nalo."

Aka kanali koyamba chivulalire kuti alankhule mawu ambiri chonchi. Maxine anabwerera kunyumba, nakatenga khofi, ndipo za chitseko sanazitchulenso.

Kuyambira tsiku limenelo ankapeza chifukwa chilichonse cholowera m'shedimo. Anaona amuna ake akugogoda zolozera zakale ndi kachitsulo mpaka zitatuluka m'mipata yake, kenako akupala timikono tiwiri tamkuwa toti tilowe m'mipata yomweyo n'kutulukira kumbali. Hamala inkaphonya kawirikawiri, chala chachikulu chinada bii. Koma akagwira tupa, zinthu zinkasintha. Ankatseka ngakhale diso labwino lija, n'kumapala pang'onopang'ono, akuyendetsa nsonga ya chala pamkuwa ngati munthu wofufuza munga pakhungu la mwana. Akatero ankaima, n'kunena kuti apa patsala kaphiri, n'kupalanso kamodzi kokha. Maxine akakhudza pomwepo sankamva kanthu. Anakhala nawo munthuyu moyo wake wonse, manjawa anawaona akuzula thole m'mimba mwa ng'ombe, koma sanadziwe kuti amaona.

Delmar Etchart, mnansi wawo woweta nkhosa, anabwera kudzabwereka tcheni, napeza ntchito ili pakati. Anaizungulira mfutiyo manja ali kumbuyo.

"Alamu, amuna anuwa madokotala anawaonanso mutu? Mfuti yamera nyanga ngati nkhosa yanga yamphongo."

"Achimwene, inu maso muli nawo awiri," anatero a Orval osasiya kupala, "koma chaka chija munaphonya gwape atakuimirirani ngati akufuna kujambulidwa."

"Anali wowonda. Ndinamumvera chisoni."

Kumbuyo a Orval sanaikenso kampata. Anaboola kabowo kakang'ono pa kambale kamkuwa, koti diso lizisuzumira. Tsiku loyesa koyamba anakhomera bolodi pamtengo kuseri kwa khola, Delmar ali pomwepo. Anawomba. Chipale chinafumbuka kutali kumanja, bolodi osagwedezeka n'komwe. Anawombanso, chimodzimodzi.

"Ine ndikaime pabolodi pompo," anatero Delmar. "Ndi pokhapo pamene munthu angapulumuke."

Maxine sanaseke. Ankayang'ana nkhope ya amuna ake, akuopa kuti kukhala chete kuja kubwerera. Koma a Orval anayenda mpaka pomwe zipolopolo zinagwera, anagwada, anayang'ana mfuti, anayang'ana bolodi.

"Zagwera malo amodzi," anatero pobwerera, nkhope ili ngwee. "Mfutiyi ikunama, koma ikunama bodza limodzi. Bodza limodzi limakonzeka."

Panapita masabata akugogoda kamunga kaja pang'ono, kuwomba, kugogodanso. Nthawi ina kamkono kakutsogolo kanathyoka, anayambiranso. Patebulo ankakamba za mkuwa mpaka chakudya kuzizira.

Mu Epulo chipale chitasungunuka m'zigwa, anapachika mbale yachitsulo ya pulawo yakale kutsidya kwa mtsinje, kutali moti kwa Maxine kanali kadontho kakuda basi. Kunalibe mphepo mmawa umenewo. A Orval anakoka chitsulo chapansi n'kuchibweza, anaika mfuti paphewa lakumanja, tsaya pamtengo wake monga kale, diso lakumanzere n'kupeza kabowo kaja ngati linabadwira pomwepo. Anapuma. Mfuti inalira, phokoso linathamanga m'chigwa n'kutha, ndipo kwa kanthawi kunali zii. Kenako, kuchokera kutsidya, kunabwera kulira kwa chitsulo, ngwiii, kowonda ngati belu la tchalitchi chakutali. Anawombanso, belu linayankhanso.

Delmar anavula chipewa. 

A Orval anatulutsa zipolopolo zotsala, anaonetsetsa kuti mulibe kanthu, n'kupereka mfutiyo kwa mkazi wawo.

"Tasuzumirani, mayi. Tsekani lakumanja."

"Magalasi ndasiya kukhitchini, ndiona chiyani ine?"

"Tangosuzumirani."

Mfuti inali yolemera, mkuwa uli wofunda ndi dzuwa. Poyamba Maxine anangoona mdima, kenako anasuntha mutu pang'ono, kabowo n'kutseguka.  Kadontho kaja kanali mbale yathunthu, yozungulira, ikugwedezekabe patcheni chake. Kumbuyo kwake anaona udzu watsopano, mitengo ya paini uliwonse payokhapayokha, ndipo pamwamba pa zonsezo mapiri atavala chipale, m'mphepete mwake muli mwakuthwa ngati mwadulidwa ndi mpeni. Panali patapita zaka zambiri asanaone kutali chonchi ndi diso lake lopanda galasi.

"Mwaikamo galasi umu?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi, ndi bowo chabe. Likachepa, diso limaona bwino. Chifukwa chake sindichidziwa."

Mikono ya Maxine inayamba kutopa ndi kulemera, koma sanaitsitse mfutiyo. A Orval anabwera pambali n'kuchirikiza mpope ndi dzanja lawo kuti aonebe.

Mu Novembala anakwera limodzi kumapiri, ndipo a Orval anagwetsa gwape wonenepa ndi chipolopolo chimodzi. Mwendo wakumbuyo anakapatsa Delmar, amene anaulandira akudandaula kuti nyama yophedwa ndi mfuti yanyanga iyenera kukhala yolimba, koma anaitha yonse.