Kaundula wa Kumanda kwa a Kizito

Chaka chimene lamulo linatuluka loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo, a Kizito anamwalira ku Lukwa, ndipo anzawo amene anamaliza nawo koleji ya aphunzitsi mu 1961 anakumana pamaliropo. Anamaliza alipo makumi awiri ndi anayi. Amene anafika anali anayi okha, imvi mbuu, aliyense akuyang'ana mnzake ngati akufuna kumufunsa kuti wakalamba liti chonchi.

A Nedson Nkhoma, ahedi a sukulu ina ya ku Chulu, anapalasa njinga kudutsa m'minda ya fodya mtima uli m'mwamba. Iwo anabadwira ku Mzimba, kwawo kwa bambo awo. Bambowo atamwalira, amayi awo anabwerera kwawo ku Simlemba m'boma la Kasungu, ndiye polowa ntchito a Nedson analembetsa Simlemba. Ku Mzimba anali asanapondeko kwa zaka makumi atatu, ndipo kunalibe ndi mmodzi yemwe woti angawapatse mpando. Ku Chulu kunali akazi awo, a Zelesi, amene anafa ziwalo mbali imodzi, munthu wosati n'kumukweza palole. Anthu odziwa za Mzimbazo anali a kukoleji basi.

Anayiwo anakhala pamthunzi wa chigafa, fodya wongosokedwa kumene akununkha pamwamba pawo. A Watson, amene anasiya choko kalekale n'kutsegula esiteti ya fodya, ndiwo ankatsogolera macheza. Anali munthu wabwino mtima, koma pakamwa popanda chitseko.

"Inu a Dorica, mudakali ndi ana a Sitandade 1?" anafunsa a Watson.

"Ndipite kuti? Amene ndinawaphunzitsa akundibweretsera ana awo," anayankha a Dorica. "Nanga a Lefina munawamva?"

"Ali ku Zomba, amuna awo anawasiya. A Tsoka anapita ku Joni, kalata ndi imodzi yomwe ayi. A Agnesi tinaika kale."

"A Aloysius?" anafunsanso a Dorica.

Apo a Watson anatsokomola. A Fredson, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya zamaphunziro pa boma, anayang'ana nsapato zawo. Aliyense ankadziwa kuti a Aloysius anatengedwa ndi apolisi ali m'kalasi zaka khumi ndi zitatu zapitazo, ndipo dzina lawo silinali lotchula pagulu. A Dorica anayamba kukamba za mvula.

Nthawi yonyamula maliro itayandikira, a Fredson anakoka a Nedson kuseri kwa chigafa.

"Mndandanda wa opita kumpoto ndikulemba ndine," ananong'ona. "Fayilo yanu ikuti Simlemba. Ine china sindikukumbukira. Mwandimva?"

A Nedson anangogwira dzanja la mnzawoyo ndi manja awiri, misozi ili lengelenge. Kwa milungu itatu sankadya bwino, koma popita kumanda ankayenda mopepuka, mpaka anachita manyazi kuti akusangalala pamaliro.

Kumanda kunali anthu ambiri. Atcheyamani a chipani anakhala kutsogolo pampando, ndipo pambali pawo panali abwana a a Fredson, amene anabwera kudzaimira ofesi. Achibale atayankhula, anaitana mmodzi woimira anzawo a malemu. Anadzuka a Watson, chifukwa ndiwo anali kapitawo wa kalasi masiku amenewo.

Kukoleji kuja kunali mwambo wake. M'mawa uliwonse kapitawo ankaitana kaundula pamtima, dzina, mudzi ndi boma, ndipo woitanidwa ankayenera kuyankha msanga. Wochedwa ankakalima m'dimba la koleji tsiku lonse. Anachita zimenezi zaka ziwiri, mpaka zinalowa m'magazi.

"Ine si wodziwa kuyankhula," anayamba a Watson. "Ndingoitana kaundula wathu komaliza, kuti muone mmene tathera."

A Nedson anayesa kuwaphethira diso, koma a Watson anali atatsinzina, akunyadira mutu wawo wosaiwala. Anaitana mayina motsatana, mudzi ndi boma, osaphonya. Dzina la a Aloysius analidumpha bwinobwino, poti ngozi imeneyo ankaidziwa. Mayina ambiri ankangogwera pansi opanda woyankha, ndipo amayi anayamba kusisima.

"Dorica Kamanga, mudzi wa Chimbiya, boma la Kasungu!"

"Ndilipo!"

"Kizito Kaphale, mudzi wa Msokera, boma la Kasungu!"

Kunali zii. Akazi a malemu anagwa pansi, maliro anabuka mwatsopano. A Watson anadikira kuti phokoso lichepe, n'kukweza mawu.

"Nedson Nkhoma, mudzi wa Kamzomera, boma la Mzimba!"

"Ndilipo!"

Mawuwo anatuluka okha, amphamvu ngati a mnyamata, mwini wake asanaganize. Atazindikira, anapeza dzanja lawo lamanja lili m'mwamba.

"Ameneyo ndi ahedi ku Chulu, mwana wa kalasi yathu!" anawonjezera a Watson monyadira.

Atcheyamani anatembenuka pang'onopang'ono kuti aone nkhope ya woyankhayo. Abwana aja anaweramira kwa a Fredson n'kufunsa kanthu, ndipo a Fredson anagwedeza mutu movomera. Zina zonse zimene zinachitika pamandapo a Nedson sanazimve.

Anthu akubalalika, a Watson anabwera kudzawasisita paphewa, akufunsa ngati anaona kuti sanalakwitse ndi dzina limodzi lomwe. A Nedson anafuna kuwatukwana, koma akanawatukwana chiyani munthu amene wanena zoona? A Fredson anawapeza akumasula njinga pamtengo. Sanawayang'ane kumaso.

"Mukanangokhala chete," anatero. "Ndikanati a Watson akalamba, asokoneza. Koma mwayankha nokha, achimwene, anthu mazana akumva. Inenso ndili ndi ana."

"Ndapatsidwa masiku angati?"

"Kalata ifika Lolemba. Lole ibwera sabata yamawa."

Ulendo wobwerera sanapalase, anangokankha njinga mpaka ku Chulu. Anapeza a Zelesi atakhala pamphasa pakhonde, atatsamira khoma, akuwadikira kuti amve za anzawo akale. A Nedson anakhala pansi pafupi nawo n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu, ngakhale za dzanja lomwe.

A Zelesi anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire, sanakalipe. Anayang'ana mwendo wawo wakufa uja kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana chitseko cha nyumba, chimene chinali mapazi atatu okha kuchokera pamene anakhala.

"Ndiye mukapita," anafunsa ndi mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito, "azindilowetsa ndani mvula ikabwera?"