Pamene Panakana Kusalala

Nkhondo ya Jeremani isanayambe, mzungu wa ku mishoni anakwera kumudzi wina wa m'mbali mwa phiri la Chongoni ali ndi chingwe m'thumba la mkanjo. Ankafuna sukulu ya ngodya zinayi, osati yozungulira ngati nyumba za anthu. Ntchitoyo anaipereka kwa Stefano, mkamwini wa pamudzipo, amene anali wobatizidwa ndipo ankawerengako pang'ono.

Mzunguyo anakhoma chikhomo. "Apa ndi pamalo chabe, palibe m'litali, palibe m'lifupi." Anayenda, nakhoma china, nakoka chingwe. "Pakati pa zikhomo ziwiri njira yowongoka ndi imodzi basi. Zikakwana zinayi, pakatipo usalaze pati thyathyathya, ukathira madzi asowe kolowera." Atatero anatsika phiri. Ndi mmene amachitira: amasiya mawu n'kupita, zotsalazo musenze ndinu.

Stefano anali ndi chake chomudya mumtima. Dzinja lapitalo mkazi wake Rute anabereka mwana wakufa. Mwana wotere amati nthayo, ndipo amakamuika ndi amayi achikulire okhaokha. Bambo sapitako, mayi sapitako, malo ake sauzidwa. Dzenje silizama, dothi amangowazapo mopepuka, chifukwa ukalitsendera watseka mimba ya mayiyo. Chimene Stefano ankafuna n'chakuti Rute aimenso, abale a mkaziyo aleke kumuyang'ana ngati wongotha chimanga cha eni.

M'kati mwa zikhomo zinayizo munagwera chitsa cha msuku. Stefano akunola nkhwangwa, anatulukira Elena, mng'ono wake wa Rute, atasenza mtsuko.

"Alamu, zingwe zanuzo sunthirani kumtundako."

"Mkazi wanga wamng'ono, umisiri wauyamba liti?"

"Ndati sunthani. Chitsacho chisiyeni."

"Dzulo unati m'phala mwanga mwagwera buluzi, ndinagona ndi njala. Lero chitsa! Tula mtsukowo ndimwe, nyani iwe."

Elena anaseka, poti pachilamu munthu umaseka ngakhale nkhani ili yaikulu. Womutuma anali amayi ake, amene mwa mwambo sakanaima pamaso pa mkamwini, ndipo za nthayo sizitchulidwa kwa mwamuna. Uthenga unafika ngati nthabwala, nabwerera ngati nthabwala.

Stefano anazula chitsacho, nakwirira dzenje lake, nayamba kusinja pansi ponse ndi munsi. Atatha anathira madzi kuti ayese. Madziwo sanasowe kolowera. Anakwawa kuchokera kungodya zonse, nakaima pamalo amodzi aakulu ngati lichero, pambali pa pamene panali chitsa.

Anathirapo dothi, nasinja. M'mawa mwake anapeza palowanso. Anatuta dothi la pachulu, nasinja mpaka m'manja munatuluka matuza. Kwina konse munsi unkalira kuti di, di, koma pamenepo unkamira mwakachetechete ngati ukugwera pa chinthu chofewa. Anayamba kuopa kupapatsa msana. Akamagwira ntchito kungodya ina ankangocheukacheuka, chonsecho panalibe kanthu koma kadzenje konyowa. Mbuzi zinkadutsa m'bwalomo, koma pamenepo zinkalambalala.

Madzulo Rute ankakhala pakhonde atagwira m'chiuno.

"Mwatani, aNambewe?" anafunsa Stefano.

"Kaya. Muno mwangoti gwa, ngati wina wandimanga luzi."

Stefano anaganiza zoti miyala ndiyo ithetse nkhaniyo. Anatuta miyala kumtsinje, naiyala m'kadzenjemo, nakweza munsi. Unali usana, koma nkhungu inali itatsika phiri moti zikhomo zakutali sizinkaoneka, zingwe zinkangothera m'malere. Pamenepo anamva mawu kumbuyo kwake. Apongozi ake anali ataima chapatali, atafunda nsalu kumutu, atamupatsa msana. Sankalankhula naye. Ankalankhula ndi mtengo.

"Mtengo iwe, kamuuze mwana wa eniyo kuti akusinjayo ndi mwana wake."

Munsi unagwa wokha. Stefano anagwada, nachotsa miyala umodziumodzi, nafukula ndi zala dothi limene analimbitsa yekha. Zikhadabo zinang'ambika. Atakhudza kansalu ka khungwa kowola analeka, nawazapo dothi mopepuka monga amachitira amayi. Kenako anazula zikhomo zonse, nakazikhoma kumtunda, nayambiranso kusalaza.

Mzungu atabwera anayang'ana zingwe ndi diso limodzi, nathira madzi pansi, nayamikira. Zoti sukulu yasuntha sanazione n'komwe.

Koma pamudzi anthu saiwala. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, Rute osaima. Amene anakhala chete tsiku lozula chitsa ndi omwe tsopano ankalankhula kwambiri kumtondo. Pomaliza atsibweni ake a Rute anaitana ankhoswe, nanena kuti mkamwiniyo abwerere kwawo.

Stefano anapinda mphasa, natenga khasu ndi nkhwangwa. Rute anamuperekeza mpaka pamphambano, akuyenda pambuyo atamunyamulira nkhwangwayo.

"Sindinkadziwa, aNambewe."

"Nanenso malo sindinkawadziwa," anatero Rute, maso ali pansi. "Koma munsi wanu uja ndinkaumva. Mukamenya kumeneko, unkafika m'chiuno muno."

Anamupatsira nkhwangwa imene anamunyamulira, natembenuka kubwerera kwa amayi ake.