Kumene Anamufunira Aleck

M'malo mwa mlongo wanga Aleck tinaika thunthu la nthochi m'manda. Kwathu kwa Dambe timatero mtembo ukapanda kupezeka. Munali mu Juni 2004, kuzizira kwake kolowa m'mafupa.

Aleck anali chitsirizira m'banja mwathu. Anatsatira mkulu wake Dickson ku Cape Town n'kukapeza ntchito m'sitima ya asodzi. Dickson ndiye anali wasukulu, ndipo ntchito yake inali kuwerengera pakompyuta kayendedwe ka madzi a m'nyanja yamchere. Ine mlimi wa mtedza ndinkangomuseka kuti, "Iwe woopa ngakhale mtsinje wa Bua, za nyanja wazidziwira kuti?"

Titachoka kumanda ndinamupeza Dickson kuseri kwa nkhokwe atazyolika.

"Achemwali, ndili ndi mawu," anatero.

"Nena msanga, anthu akudikira madzi osamba m'manja."

Anatola kamtengo n'kujambula timabokosi padothi. "Pakompyuta nyanja timaidula timabokosi chonchi. Ukaiuza bokosi limene munthu wagweramo, imakuuza kumene madzi amutengera. Aleck atagwera m'nyanja, anzake anamufuna osamuona, mafunde atakula anabwerera kudoko. Mwini sitima anandiimbira foni poti amadziwa ntchito yanga. Anandipatsa malo ake pamapu: madigiri 34 ndi mamineti 50. Koma kompyuta yanga simva za mamineti, umayamba wasintha nambalayo. Ine ndinangolemba 34.50."

"Ndiye? Si zomwezo?"

"Ayi, achemwali. Digiri imodzi ili ndi mamineti 60, osati 100. Ndimayenera kulemba 34.83. Ndinamuika m'bokosi lina, makilomita oposa 30 chakumpoto. Maboti anafufuza masiku awiri kumene ndinawatumiza ine. Ndazindikira sabata yathayi."

Mayo ine!

"Anali atavala jekete loyandamitsa," anawonjeza chapansipansi.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinafuna kumuwaza mbama ngati kale ali mwana. "Sukulu yonse ija, ife tikupsa ndi dzuwa m'munda kuti iwe uphunzire, n'kukalephera kanambala kamodzi? Ndiye ukundiuziranji ine? Ndichite nazo chiyani?"

"Ndikufuna ndiwauze amayi. Zikundidya."

Tili mkati mokangana, amayi anatulukira akuyenda mogwira khoma, maso atatupa. Masiku anayi anali asanadye kanthu. Anakhala pansi pafupi ndi Dickson n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, usalire choncho. Ndamva kuti ndiwe unawalozera azungu aja pofuna m'bale wako. Enafe tikanangoyang'ana madzi. Ngati iwe ndi nzeru zako sunamupeze, ndiye kuti Mulungu anali atamutenga kale. Mtima wanga wakhala pansi chifukwa cha iwe."

Dickson anatsegula pakamwa. "Amayi, ine..."

Ndinamuponda phazi mwamphamvu. Anandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Anameza mawu ake, ndipo tsiku limenelo amayi anamwa phala.

Amayi anakhala ndi moyo zaka zina zisanu. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankamufotokozera za mwana wawo wodziwa njira za nyanja, amene anayesetsa kupulumutsa mng'ono wake. Dickson anapirira kumva zimenezi maulendo awiri okha, kenako analeka kubwera kumudzi. Amayi akudwala komaliza ankangofunsa kuti, "Veronika, kodi ndinamulakwira chiyani mwana uja?"

Ine ndinkawakonzera bulangeti n'kuyankha kuti, "Ntchito yamuchulukira, amayi."