Ng'ombe ya Lucious M'matope

Amuna anga, a Mphepo, ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Chamama, koma musaganize kuti alibe mkwiyo. Ali nawo! Kuyambira chaka chimene ng'ombe za Lucious, mnzathu woyandikana naye munda, zinadya nazale yathu yonse ya fodya iye n'kumangoseka, anthu awiriwa ankapatukirana panjira ngati wina ali ndi mphere. Ine ndiye ndinkamuda Lucious kuposa iwo, sindibisa.

Tsiku lina tikuchokera kogula feteleza wa makuponi pangolo yathu, tinamupeza Lucious padambo ngolo yake itatitimira. Ng'ombe imodzi inali itagwa, goli likuipana pakhosi. Pangolopo panali matumba ake a feteleza, limodzi litang'ambika, ndipo kumwamba kunali kutada bii. Feteleza ameneyo akanyowa ndiye kuti chimanga palibe, poti kuponi sabwereza.

Ndinawanong'oneza amuna anga kuti tingodutsa, Mulungu wayankha. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatsika, n'kupinda buluku, akundiuza kuti Mose analamula kuti chiweto cha mdani wako chikagwa ndi katundu, uchidzutse. Anati lamulo limenelo ndi lokoma, chifukwa ng'ombe sidziwa milandu ya eni ake.

Analowa m'matope mpaka m'mawondo. Anamasula goli, anakankha, anabuula, ng'ombe ija dzambatu! Koma inali kutsimphina, yosathanso kukoka kanthu. Nthawi yonseyi Lucious anangoima potero, maso pansi.

Mvula inayamba kudontha. Ndinati basi, Mose tamukwaniritsa, tiyeni kwathu.

"Ng'ombe ndaidzutsa, mayi," anatero amuna anga. "Mwini wake akadali m'matope."

Ha, ndinapsa mtima! Koma iwo anali atasenza kale matumba a Lucious n'kuwakweza pangolo yathu, pansi pa pulasitiki yofunditsira katundu, pamodzi ndi athu. Malo anatha pangolo, ndiye ine mayi wamkulu ndinayenda pansi, mvula ikundimenya, mbali ino ndagwira pulasitiki, mbali inayo wagwira Lucious. Tinakafika pakhomo pake feteleza ali wouma. Mkazi wake, Lusiya, atationa anangogwira pakamwa, misozi mbwe.

Pobwerera ndinawafunsa amuna anga mowaseka ngati tsopano asanduka mngelo. Anapukusa mutu. Anati Yesu sanafafanize zimene Mose analamula, anangozilowetsa m'kati. Mose anagwira dzanja kuti lisachite choipa, ndipo anachita bwino. Yesu anatsata mpaka kumtima kumene dzanjalo limatumidwa, n'kunena kuti mdaniyo umukondenso. Ndiye anati iwo dzanja lawo lamvera, koma mtima ukukanabe. Akuti pamene ankasenza matumba aja ankangoona nazale yathu ija itapondedwapondedwa, ndipo ankafuna kuwataya matumbawo m'madzi.

Ndakhala nawo zaka zambiri bambo amenewa, koma tsiku limenelo ndinawaopa, ndinawanyadiranso. Munthu wina akanapita kukadzitama kutchalitchi.

Kutacha ndinawaona akunola khasu, kenaka ananyamuka, koma osalunjika kumunda kwathu. Ndinawafunsa kuti ulendo wa kuti.

"Kwa Lucious, kukamuthandiza kuthira feteleza. Mtima ukadali kuwawa. Ndizipitabe mpaka usiye."

Ndinanyinyirika, ndinatukwana chamumtima, kenaka ndinamanga chitenje n'kuwatsatira.