Zingwe za Sitima ya Yakobe

Nsanza inali idakali m'manja mwa Martina pamene mwamuna wake Efulemu analowa pabalaza pa nyumba ya bwana. Anachita kumuitanitsa kuchigafa, ndipo manja a mwamunayo anali bii ndi phula la fodya.

"Taonani zimene ndachita," anatero Martina.

Pakona panali bokosi lagalasi, chitseko chake chili chotsegula. M'katimo munali sitima yankhondo yamatabwa, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, ya milongoti itatu ndi timizinga tamkuwa m'mbali. Mlongoti wakutsogolo unali utapendekeka. Zingwe zake zakumanzere, zija zimachoka pamwamba n'kutsikira m'mbali mwa sitima ngati makwerero, zinali lende, zitaduka. Nangula mmodzi anali pasimenti.

"Ndimati ndipukute nkhungu. Mvulayi yalowetsa chinyontho m'bokosimo. Nsanza yakola nangula, ine osaona, n'kukoka."

Pa esiteti yonse ya a Kamwendo, kufupi ndi Mitundu, panalibe amene sankaidziwa nkhani ya sitimayo. Anaipanga ndi Yakobe, mwana wawo yekhayo, m'zaka ziwiri zimene matenda a impso anamugoneka. Atamwalira, a Kamwendo analamula kuti bokosilo asamatsegule wina aliyense koma iwo okha.

Nyumba yanjerwa ya kuseri kwa khitchini, imene Efulemu ndi Martina anakhalamo zaka khumi ndi zinayi, inali ya wantchito wa m'nyumba. Martina akachotsedwa, nyumba nayonso yapita. Kwawo ku Phalombe abale anagawana munda kalekale.

"Bwana abwera liti?" anafunsa Efulemu.

"Loweruka la sabata yamawa. Akuchokera kuchipatala ku Joni."

Efulemu anatola nangula uja n'kumuika pachikhatho. Anali wochepa ngati chala chaching'ono.

"Tsekani mawindo akumsewu. Musauze munthu."

M'mawa mwake anauza kapitawo kuti msana wamugwira, n'kupalasa njinga kupita ku Nathenje kwa Alick, mchimwene wake wa Martina, amene ankasoka nsapato m'mbali mwa msewu waukulu. Alick atamva nkhaniyo anaseka mpaka singano inagwa.

"Alamu, inu ndi sitima? Munayamba mwawolokapo ngakhale Diamphwe pa bwato?"

"Ndipatseni ulusi. Nthabwala tidzachita Lamlungu."

"Womanga zigafa wasanduka injiniya wa panyanja! Mukamaliza mudzandikweze, ndikaone ku Mangalande."

Komabe anatulutsa foni yake yosweka galasi n'kufufuza zithunzi za sitima zamakedzana. Anazikulitsa ndi zala mpaka Efulemu anaona mmene chingwe chilichonse chimalowera m'katabwa kozungulira ka mabowo atatu, ndi mmene nangula amapachikidwira pa kamtengo kotulukira kutsogolo. Efulemu anajambula zonsezo kuseri kwa katoni ya nsapato.

Alick analeka kuseka. "Koma alamu, bwanji osangowauza zoona? Ndi munthu uja."

"Mlonda wathu wakale anangokwera njinga ya malemuyo kupita kuchigayo. Lero ali kuti?"

Alick anapukusa mutu. Ulusi wake wa nsapato unali wonenepa, ndiye anakapempha wina kwa telala wa khomo loyandikana. "Wopyapyala koma wolimba ndi uwu wokha. Vuto ndi woyera. Wa m'sitimamo mwati ndi wakuda."

"Zimenezo ndisiyireni."

Inali nyengo yothyola fodya. Efulemu ankapita m'munda m'mawa, n'kugwiragwira masamba mpaka zikhatho zitamata phula. Akatero ankathirapo mwaye wa kukhitchini n'kupota ulusi uja pakati pa manja. Unkatuluka wakuda, wouma gwa, wosasiyana ndi wakale. Anasula masipoko awiri a njinga kuti akhale chopanira, chifukwa zala zake zinali zazikulu moti sizikanalowa pakati pa zingwe.

Atatulutsa sitima m'bokosi n'kuikhazika patebulo, anayamba ndi kuwongola mlongoti. Kenako anamanga zingwe zisanu ndi chimodzi kuchokera pamwamba, chimodzichimodzi, akuzikoka mofanana kuti mlongotiwo usapendekerenso. Timakwerero topingasa tinamutengera masiku awiri. Nangula anamupachika pomaliza, n'kumumangirira m'mbali monga zinalili pa katoni paja.

Lachisanu masana anaitana Martina.

"Zakongola," anatero mkaziyo. Anazungulira tebulo n'kuima mbali inayo. "Koma sizikufanana."

Zinali zoona. Efulemu anali atasoka fodya ndi kumanga zigafa kuyambira ali mnyamata, ndipo mfundo zake zinali zazing'ono, zolimba, zonse msinkhu umodzi. Za Yakobe zinali za munthu wodwala. Zina zinali zazikulu, zina zomata guluu wambiri, ndipo timakwerero take tinali tokhotakhota. Munthu wamaso akanaona msanga kuti mlongoti umodzi wagwiridwa ndi manja awiri osiyana.

Efulemu anayesa kumanga mokhota ngati Yakobe, koma zala zinakana. Anatenga lezala.

"Bambo a Madalo, zimenezo sizinawonongeke," anatero Martina.

"N'chifukwa chake zitiulula."

Anadula zingwe zakumanja. Atazimanganso, mlongoti wakutsogolo unaoneka wosiyana ndi wapakati. Anadula za wapakati. Kenako za wakumbuyo, kenako chingwe cha nangula winayo. Martina ankangosesa timaulusi todukato. Kutitaya kudzala mtima unamukaniza, ndiye ankatisunga m'kapepala ka shuga.

Pofika Lachisanu lachiwiri, sitima inali itaima njo, yokongola kuposa kale. Anaibwezera m'bokosi n'kutseka galasi. Martina anadya bwino tsiku limenelo, koyamba chichitikireni ngoziyo.

A Kamwendo anafika Loweruka dzuwa lili paliwombo, ataonda, akuyendera ndodo. Monga mwa chizolowezi chawo, asanakhale pansi anapita pakona paja n'kutsegula bokosi. Anaweramira m'kati, kenako anabweza mutu.

"Martina, ndani amasutira fodya muno?"

"Palibe, bwana."

"Nanga fungoli?"

Martina ananunkhiza koma sanamve kanthu. Iye ndi mwamuna wake ankadzuka m'fodya, kugona m'fodya, zovala ndi mabulangete zonse fodya, moti mphuno zawo zinasiya kalekale kumumva. Koma m'bokosi lotseka lija phula linali litagona tsiku lathunthu, ndipo a Kamwendo ankachokera m'zipinda za chipatala.

Anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kubwereranso. Kenako analoza ndi chala pa mlongoti wapakati.

"Apa panali mfundo yaikulu, yonyansa. Anaimanga tsiku limene tinachokera naye kuchipatala, dzanja likunjenjemera. Ankafuna kuidula, ine ndinamuletsa." Anatembenuka. "Ili kuti?"

Efulemu, amene anaima pakhomo ndi chikwama cha bwana, anachiika pansi n'kugwada. Anafotokoza zonse, kuyambira pa nsanza mpaka pa lezala, osabisa kanthu. A Kamwendo anamvetsera osamudula mawu.

"Zimene zinaduka ndi nsanza zinali zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, bwana."

"Nanga zina zonsezo?"

"Ndinadula ndine, bwana. Kuti zifanane."

A Kamwendo anakhala pampando pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo Martina anaona kuti kukalipa kukanakhala bwino.

"Ntchito yanu ndi yabwino, Efulemu. Yaposa ya mwana wanga." Anavula magalasi aja. "Matabwawa anabwera odulidwa kale kuchokera kunja. Mizingayi, anangulawa, zonse zogula. Chake chenicheni m'sitimamu zinali mfundo zija. Mukanandisiyira yothyoka."

Martina anatuluka. Anabwerera ndi kapepala ka shuga kaja n'kukapereka ndi manja awiri. A Kamwendo anakatsegula, n'kutakasa timaulusito ndi chala mpaka anapeza kamfundo kakakulu kouma guluu. Anakagwira pakati pa zala ziwiri.

"Ndikudziwa kuti munachita ndi mantha," anatero. "Mwina mantha amenewo ndinakupatsani ndine. Koma sindingathe kumakuonani pakhomo pano tsiku ndi tsiku. Mwezi ukatha mupereke makiyi kwa kapitawo."

"Bwana, Madalo akulemba mayeso chaka chino," anatero Martina.

"Ndamva. Mwezi ukatha." Anaika kapepala kaja m'thumba la malaya, n'kuloza bokosi ndi ndodo. "Iyonso mutenge. Si ya Yakobe."

Anasamuka pa ngolo ya ng'ombe yobwereka. Kwina kopita kunalibe, koma ku Nathenje, kumene Alick anati akhoza kugawana nawo zipinda zake ziwiri mpaka mvula itatha. Madalo, mwana wawo wamkazi, anakhala pamwamba pa matiresi atafungatira mabuku ake. Martina anayenda pansi ulendo wonse. Bokosi lagalasi linasweka asanafike n'komwe pakati pa njira, ngolo italowa m'dzenje, ndipo Efulemu anatsala ndi sitima yokha pamiyendo.

Alick anawachingamira pamsewu. Ataona mlamu wake akutsika ndi sitima m'manja sanasekenso. Anatenga mtolo wa mapoto n'kutsogola.

"Imeneyo tiika pati?" anafunsa Martina atafika pakhomo. M'chipindamo munali malo a mphasa ziwiri basi.

Efulemu anaikhazika pakhonde, pambali pa mulu wa nsapato zakutha. Anagwada n'kuyesa zingwe ndi chala, chimodzichimodzi, kenako anangula onse awiri. Msewu wonse wa maenje uja, panalibe ngakhale chingwe chimodzi chimene chinakhwefuka.