Nyali ya Majken

Chipale chofewa, chija chimagwa m'maiko ozizira, sindichikhulupirira. Ndakhala nacho zaka zambiri kuno ku Umeå chichokereni kwathu ku Keren, koma chinthu chogwa mwakachetechete chonchi chimakhala ndi zake. Chimabisa maenje, chimadya zala mwana akuseka.

Choncho mdzukulu wanga Rahwa atayamba kutsokomola, ndinamutsekera m'nyumba. Mayi ake amakhala kuntchito, maso ndine.

Ana akaweruka kusukulu, Majken wa nyumba yoyandikana nafe ankagogoda, masaya ali psuu.

"Rahwa atuluka lero?"

"Ayi. Nawenso pita kwanu, mphunoyo ithothoka."

"Ndili nayo ina kunyumba," ankatero.

Akatero ankagwada pansi pa zenera lathu, kuumba mibulu ya chipale ndi kuisanja ngati kanyumba kosongoka. Bambo ake ankadzamuyatsira kandulo m'katimo, poti nyengo ino kumada masanasana. Ine sizinkandikomera. Makandulo oyaka pansi ndinkawaona kumanda kokha.

"Akutiitanira maliro mnzakoyu," ndinamuuza Rahwa.

"Agogo inu, ndi nyali chabe. Akundiuza kuti akundidikira."

Lachisanu Majken sanafunse funso lake lija. Anangoima pakhomo, akukumba chipale ndi nsapato.

"Mawa tikusamuka. Kum'mwera, kutali. Akuti kumeneko imangogwa mvula."

Rahwa sanalire, anangondiyang'ana. Chifuwa chinali chisanathe. Koma ine kwathu ndinachoka osatsanzika aliyense, ndipo mpaka lero nkhope za anzanga zimandibwerera ndikamakanda ufa.

Ndinamuveka majuzi pamwamba pa majuzi, mpango mpaka m'maso.

"Osadya chipale. Osanyambita chitsulo. Kumtsinje ayi. Zala zikayamba kuuma ubwere."

"Ndiyenda bwanji, agogo? Ndangokhala ngati thumba la mbatata."

"Tiye, thumba iwe," anatero Majken. "Ukagwa ndikugubuduza."

Sindinachoke pazenera, ndinalitsekulako pang'ono kuti ndizimva chifuwacho. Anagwetsana, anathamangitsana, kenako anagwada n'kuyamba kuumba.

"Siya mipata iwe, moto upuma bwanji?" anatero Majken.

"Yakoyo ndiye yapendama ngati mano ako."

Rahwa anatsokomola kangapo. Ndinagwira chitseko, ndinachisiyanso.

Tsopano kwa a Majken makatani anachotsa, mazenera ali bii. Chifuwa chinatha, koma Rahwa sapita kumene kukusewera ana ena. Akaweruka amagwada pamalo pomwe paja n'kumaumba nyali ya chipale, nkhope italoza kumsewu.

Lero anandiitana kuti ndibweretse kandulo ndi machesi. Ndinatsika pang'onopang'ono, nditagwirira khoma, poti munthu wa msinkhu wanga akaterereka sadzukanso.

"Nanga aione ndani, mwana wanga?"

"Mwina adutsa. Anaiwala magolovesi ake kwathu."

Kutalika kwa kum'mwerako sindinamuuze. Ndinagwada, chipale chikulowa m'mawondo, n'kuyatsa.

"Sendera uko, juzi ingagwire moto."

Anasendera pang'ono. Tinakhala pomwepo, tonse tikuyang'ana kumsewu.