Lamba wa mu Motoka ya Ba Chama

"Ninakamba kuti welama, sininakambe kuti tulutsa chifuba monga msilikali!"

Amene anali kukuwa ndi Ba Winifred, bana chimbusa amene anaphunzitsa Lukonde za ukwati mwezi wathunthu. Lukonde anali pa mpando wakumbuyo mu motoka ya atate ake, chitenge kumutu, lamba pachifuwa, ndipo kuwelama kunali kukanga. Sikuti mwano, awe. Lamba anali atamugwila ngati wapolisi wagwila kondakitala wa minibasi.

Motoka yake ndi ija yoyela ya Ba Chama, ya 1971, imene Kabwata yonse imaidziwa chifukwa imasamba tsiku lililonse koma kuyenda ndi pa Khisimisi. Ba Chama analumbila kuti mwana wao akafika ku kitchen party yake ku Chelstone mu motoka imeneyi, osati mu timotoka twa masiku ano tofanana ngati mabanzi. Vuto linali chitseko chakumbuyo kumanzele. Motoka ikangokhota pa laundabauti chimatseguka chokha, ulemu wake wosapemphedwa. Chaka chatha chinatsitsa thumba la malasha ku Longacres motoka ili pa liwilo. Cha kumanja nacho chinamangidwa waya kalekale, sichitseguka olo usale kudya, ndiye mkwatibwi anafunika kukhala kumanzele kuti akatsike bwino.

So Lukonde anauza atate ake kuti iye si malasha, popanda lamba sakwela. Ba Chama anayamba adwala kaye, kenako anaitana Suleiman wa ku Emmasdale, uja amasoka mipando ya mamotoka. Suleiman anabwela ndi malamba a paphewa, aja odzikoka okha, ati kabokosi kokulunga lamba kafunika kuima chilili pa chitsulo cha m'mbali, ndiye aboole pang'ono. Ba Chama atamva zoboola anagwila kumutu ngati auzidwa malilo. Motoka ndi original, ati. Anafufuza mpaka anapeza kabowo kakale pansi pa mpando, nalamula kuti kabokosiko kagonekedwe pamenepo, munthu asakaone. Suleiman naye ntchito iyi anali ataiphunzila dzulo lake pa foni. Anangoti bwana ndi bwana, namanga.

Ndiye lamba uyu amatuluka kamodzi chabe, mochita kumunyengelela. Ukamanga, basi, amadziwa kubwelela kokha. Ukatulutsa mpweya iye amatenga malowo, sabwezanso.

Manje lelo linali tsiku lenileni. Ku Chelstone alendo anali atakhala kale, ng'oma zikulila. Ba Winifred anafotokoza mokweza, kuti ndi oyandikana nawo nyumba aphunzileko, kuti mkwatibwi amanyamuka kwao mutu uli pa maondo ndipo amafika mutu uli pa maondo. Azakhali a Amock, mwamuna wake wa Lukonde, adzakhala pa geti, ndipo azimayi amenewo maso ao amapyola chitenge. Mtsikana akafika ali njo, funso silikhala loti ndi mwana wa ndani. Limakhala loti anamuphunzitsa ndani.

Ba Chama, uku akupukuta galasi loyela kale, anati amufunditse chitenge chachikulu, palibe azaona.

"Filiji nayo timaifunditsa, Ba Chama," anatelo Ba Winifred. "Munaonapo filiji ya ulemu?"

Mayi ake a Lukonde anaimbila Suleiman. Iye anati palibe vuto, abwela manje manje ndi dilila yoboolela, kabowo kamodzi chabe zonse zitheka. Ba Chama analanda foni, anamvetsela, kenako anati network yavuta, naiika m'thumba mwao. Analonjeza kuti ayendetsa pang'onopang'ono ndipo azemba malaundabauti onse. Mu Lusaka muno. Mwina anali kuganiza zodzela ku Kabwe.

Ba Winifred anati zonsezo ndi zachibwana, mwana amasule lamba, iwo amugwila pamkono njila yonse. Lukonde anasuzumila pansi pa chitenge naona mkono umene unali kulonjezedwawo. Unali ndi chikwama, foni ndi botolo la madzi.

Kuwelama iye sanali kukana. Mwezi wonse anagwada mpaka maondo anada, anagubuduka pa simenti kupeleka moni, anameza mau ambili amene akanatha kuyankha. Anauzidwanso kuti lelo mkwatibwi sakamba, olo nyelele imulume, ndipo kuyambila m'mawa sanatsegule pakamwa. Amock iye anali kumufuna, azakhali akewo anali kuwaopa, ndipo anadziwa kuti kufika popanda bana chimbusa ndi nkhani imene idzakambidwa mpaka ana ake adzakule. Koma anaganizanso za tala wa Great East Road, iye akugubuduka atakulungidwa bwinobwino ngati katundu wa pa basi, minibasi ili pambuyo, kondakitala akuitana anthu a ku Chelstone. Anthu adzati anali mwana waulemu, anagwa chowelama.

Anapuma mozama. Lamba anatenganso malowo.

"Ati mwana wavutika, mwandi," anatelo Ba Chama. "Koma onani mmene lamba wakhalila bwino. Sichioneka olo kuti tinaikamo chinthu."

Ba Winifred anawelamila pa windo mpaka mpweya wao unagwedeza chitenge, mau atatsika.

"Iwe Lukonde, ine sininapelekepo mtsikana woimilila, ndipo siniyambila pa iwe. Masula ichi chinthu uwelame. Ukakana nipita, ukafike wekha monga mwana alibe kwao. Sankha manje, lamba olo ine."

Mayi ake anati Lukonde asayankhe, mkwatibwi sakamba.

"Lamba," anatelo Lukonde.

Ba Winifred anaongoka, anamanga chitenge chao m'chiuno, natuluka pa geti osatseka.